Kusaka madzi ozizira ndi ndodo ya fulayi, kuchokera ku Zomba mpaka ku Nyika

Loweruka, Limbe mpaka Zomba

Minibasi inachedwa kudzaza. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha malata a pa depoti, ndipo kondakitala ankangoyang'ana paipi ya pulasitiki imene ndinanyamula, akufuna kuti ilipire mpando wakewake. Titakambirana anavomera kuti igone pansi pa mipando. Amayi amene ndinakhala nawo pafupi anafunsa ngati muli mapulani a nyumba. Nditawauza kuti muli ndodo yowedzera nsomba anati, "Nsomba kuphiri, achimwene? Bwanji osangotsikira ku Kachulu?"

Ku Kachulu ndiye kwathu. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo kuwedza kwa kumeneko ndimakudziwa bwino: mbedza, nyongolotsi, kabango koyandama, kenako kudikira mlamba. Zimene ndikukaphunzira ulendo uno ndi zina. Mlamu wanga wa ku Johannesburg anandibweretsera ndodo imene abwana ake anaisiya atakalamba. Ndi yaitali mafiti 9, imagawika panayi, ndipo pafupi ndi chogwirira panalembedwa nambala 5. Anabweretsanso kawilo kokulungira chingwe, chingwe chonenepa chachikasu choyandama pamadzi, ndi kabokosi ka mafulayi, timbedza tomangiriridwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti tifanane ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Zonsezi zinangokhala pamwamba pa wodilopu kuyambira pa Khirisimasi. Tchuthi chitapezeka ndinati basi, ndipite kumene kuli nsomba yotchedwa trout.

Trout sipezeka paliponse m'dziko muno. Kwawo kwa mtundu umene tili nawowu ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, ndipo azungu anaubweretsa mu 1906 kuti aziwedza pongosangalala. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 nsombayi imayamba kuvutika, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Nchifukwa chake anaiika kumapiri okhaokha, ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Nyika.

Madzulo ndinazungulira mumsika wa Zomba kugula zimene mlamu sanabweretse: chipewa cha mlomo waukulu pa kaunjika, magalasi a dzuwa, kowengera zala kodulira nayiloni, ndi kapulayazi kakang'ono. Magalasiwo si a matama. Mbedza imene ikuuluka pafupi ndi mutu wako, mphepo ikangotembenuka, ikhoza kukulowa m'diso. Mnyamata wogulitsa anayamba ndi mtengo wokwera, koma atamva kuti ndine wa ku Kachulu anatsitsa yekha, nati agogo ake anali a ku Chisi. Ndagona pa resitihausi ya pafupi ndi depoti. Kukutentha, ndipo udzudzu wapeza bowo la mu neti.

Lamulungu, pamwamba pa phiri la Zomba

Ndinakwera pa kabaza wa njinga yamoto, paipi ndaikoleka kumsana. Msewu wake ndi wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo ndinagwira malaya a mnyamatayo molimba kuposa mmene ndimafunira. Tinkadutsana ndi amayi otsika ndi mitolo yaitali ya nkhuni, ena ndi matabwa pamutu, akuthamanga pang'onopang'ono kuti katundu asawalemere. Pamene tinkafika pa damu la Mulunguzi mphepo inali itasintha kale. Ndinavala juzi.

Ana ogulitsa zipatso anandizinga. Ndinagula mbale ya masitiroberi ndi K5,000, nkuwafunsa ngati alipo munthu wodziwa zowedza trout. Sanachedwe. Kamtsikana kena kananditsogolera kwa madala ena amene ankatchetcha udzu pafupi ndi nyumba ya alendo. Ndi munthu wa imvi, wochepa thupi, wolankhula mofatsa. Anati unyamata wawo wonse ankanyamulira zikwama azungu obwera kudzawedza mu Mulunguzi, ndipo kuponya anaphunzira poonerera.

Sanafune kuti tipite kumadzi. Analumikiza ndodo, napisa chingwe m'timphete take, kumapeto nkumangako kaubweya ka juzi m'malo mwa mbedza, ndipo tinaima pa kapinga.

"Mwana wanga, kwanu ku Chilwa mumaponya cholemera, chingwe nkumatsatira. Kuno fulayi ilibe kulemera. Chimene uponye ndi chingwe chenichenicho, fulayi ingokwera nawo."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kuwedza kotere. Chingwe chachikasu chija nchonenepa dala, ndipo nambala 5 ya pa ndodo ndi kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imayenera. Ukachikweza m'mwamba kupita kumbuyo, ndodo imapindika, ndiye umaimitsa dzanja mwadzidzidzi pafupi ndi khutu. Kenako umadikira. Chingwe chimayenera kutambasuka chonse kumbuyo usanachibweze kutsogolo. Ukafulumira chimalira ngati chikwapu cha woyendetsa ngolo, ndipo madala anati kulira kumeneko ndi fulayi yako ikuduka kupita kutchire. Ukachedwa chimagwera pansi nkukola udzu. Anandigwira mkono nkumayenda nane limodzi, kumbuyo, ima, kutsogolo, ima. Pamene ndinasiya kulimbana nayo ndodo, chingwe chinayamba kupanga kauta kopapatiza m'mwamba nkutambasuka chokha pa udzu. Mtima unagunda.

Polumikizira dzanja ndi mkono sipayenera kupindika kwambiri, anatero. Mphamvu si imene imafikitsa chingwe patali, ndi nthawi yoimitsira dzanja. Ndipo kutali kwenikweniko sikofunika: nsomba zambiri za mumtsinje zimagwidwa pa mtunda wosapitirira ndodo zitatu kapena zinayi.

Masana tinadya mbatata ya kachewere yophika ndi mchere, imene akazi awo anabweretsa m'kambale. Atatha kudya anandiphunzitsa mfundo. Pakati pa chingwe chachikasu ndi fulayi pamakhala nayiloni yoonekera, yotalika pafupifupi ngati ndodo, yonenepa kumtunda nkumawonda mpaka kumapeto. Imeneyi ndi leader, ndipo kachidutswa kowonda kwambiri kowonjezera kunsonga ndi tippet. Pa kawilo kanga panalembedwa 4X. Nambala ikamakwera nayiloni imawonderawondera, chimodzimodzinso mbedza: ya 16 ndi yaing'ono kuposa ya 10. Mfundo iliyonse ankainyowetsa ndi malovu asanaikoke, kuti nayiloni isapse ndi kukhulana. Zala zawo zinkanjenjemera pogwira kapu ya madzi, koma pomanga mfundo zinali zokhazikika.

Phewa likuwawa usiku uno.

Lolemba, mtsinje wa Mulunguzi

Tinanyamuka kusanache bwino, titapita kaye kukafunsa za chilolezo kwa oyang'anira nkhalango. Madala anakana kuti ndinyowetse chingwe tisanatero. Anati madzi aliwonse ali ndi mwini wake, kaya ndi boma, kaya ndi esiteti, kaya ndi mfumu, ndipo wowedza wolowa mwakuba amatsekera njira anzake onse obwera pambuyo.

Tinatsata mtsinje kulowera kumtunda, cha ku mathithi a Williams. Amayenda pang'onopang'ono, chowerama, kutali ndi m'mphepete, ndipo anandiletsa kuti mthunzi wanga ugwere pamadzi. Trout imaima mutu uli kumtunda kudikira chakudya chobwera ndi madzi, choncho umaiyandikira kuchokera kumunsi, kumchira kwake. Anandionetsa malo amene nsomba imakonda: kuseri kwa mwala kumene madzi amapumira, pamene madzi othamanga akumana ndi odekha, pansi pa gombe lokumbika, ndi pamene thovu layala mzere. Kumene kukupita thovu ndi kumene kukupitanso chakudya.

Pa dziwe lina anapisa dzanja m'madzi nkutola mwala, nautembenuza. Pansi pake panali timoyo tambiri: tina tafulati ta michira itatu tikuthawira m'mbali, tina tobisala m'timachubu tomata ndi mchenga, ndi kankhanu kakang'ono ngati chikhadabo. Anatsegula kabokosi kanga nkusankha kafulayi kofiirira, kowonda, ka waya wa kopa, kotchedwa Pheasant Tail, nakaika pafupi ndi kachilombo ka michira itatu kaja. Zinafanana ndithu. Anati anthu amakonda kuona nsomba ikudumphira fulayi pamwamba, koma chakudya chake chambiri imadyera pansi pa madzi, tizilombo tisanamere mapiko. Ukafika pa mtsinje wachilendo, yamba watembenuza miyala.

Pamalo a mitengo yambiri, poti kumbuyo kulibe mpata, anandionetsa kuponya kogubuduza chingwe pamwamba pa madzi osachikweza kumbuyo. Kumeneku ndakukonda, nkosavuta kugwira.

Nsomba sitinaione. Palibe ngakhale imodzi imene inagwedeza chingwe. Madala sanadabwe. Tinakhala pa chitsa, iwo akuloza mtunda wa kutsidya umene unali mbee, zitsa zokhazokha ndi phulusa la moto wolusa. Anati kale mtsinje unkayenda mumthunzi kuchokera kugwero, madzi ake oziziritsa mano. Lero dzuwa limauomba malo ambiri, ndipo mvula ikagwa matope amatsika nkukwirira timiyala ta pansi, pamene trout imaikira mazira. Sananene mokwiya, ndipo amayi a nkhuni aja sanawatchule moipa. Anati munthu sangaphike popanda nkhuni. Ine zinandikhudza mwa njira ina. Mulunguzi ameneyu ndiye amamwetsa mzinda wa Zomba, nkutsikira mu Likangala, Likangala nkukathira mu Chilwa. Nyanja yathu inauma mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Kuchokera pamwamba pano imaoneka, yotuwa, ili phee kum'mawa. Nsomba ya azunguyi ndi matemba a kwathu zimadalira mitengo imodzimodziyi.

Potsanzikana anakana ndalama zimene ndinayamba kuwapatsa, nati zachuluka. Tinakumana pakati. Anandiuza kuti ngati ndikufunadi kuona trout ndipite ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, koma ndiyambe ndagwirapo nsomba ina iliyonse ndi ndodoyi kuti dzanja lizolowere.

Lachiwiri, pa msewu

Tsiku lonse m'basi. Pa Liwonde kunali kutentha koopsa, Shire ali ndendende kuseri kwa baraji, anyamata akukweza nsomba zowamba pa mawindo. Ku Ntcheu ndi ku Lizulu kabichi, karoti ndi anyezi zili milumilu. Ku Lilongwe ndinasintha basi nditadikira nthawi yaitali, chifukwa dalaivala anali pa mzere wa dizilo. Tinadutsa Kasungu dzuwa likulowa. Ndinatsika pa Jenda mdima utagwa, nkudya nsima ya nyemba pa kalesitilanti koyatsa kandulo. Paipi ili bwino. Ndayiyang'ana pa siteji iliyonse.

Lachitatu, damu la Luwawa

Kuchokera pa msewu wa M1 kulowa ku Luwawa ndi msewu wa fumbi wodutsa m'nkhalango ya Viphya. Lole yonyamula matabwa inanditenga popanda kulipira. Dalaivala anangoti ndimugwirire botolo la madzi ndi kumucheza kuti asagone. Nkhalango ya paini imeneyi, imene ambiri timaidziwa ndi dzina la Chikangawa, inadzalidwa pa mahekitala oposa 50,000 ndipo inali m'gulu la nkhalango zazikulu kwambiri zodzalidwa ndi anthu mu Africa. Lero umayenda mtunda wautali ukuona zitsa, utuchi ndi timitengo tatsopano tofika m'chiuno.

Damu lake ndi lokongola, lozungulidwa ndi bango ndi mitengo. Nditafunsa ndi kulipira kovomerezeka, mlonda wina anandilozera pakona pamene mtengo unagwera m'madzi. Analankhula Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa, ndipo tinamvana. Anati nsomba za kukamwa kwakukulu zimabisala pansi pa nthambizo kudikira tinsomba.

Ndinamanga Woolly Bugger yakuda, fulayi yonenepa ya mchira wa nthenga zofewa. Aliyense woyamba kuwedza kotere akhale nayo. Siifanana ndi chinthu chimodzi chenicheni, koma m'madzi mchira wake umavina, ndipo nsomba imaiyesa mbululu, kansomba kapena mwana wa tombolombo. Ndisanaponye ndinafinya ndi pulayazi kamunga kobwerera m'mbuyo ka pa mbedza, monga anandiuzira madala a ku Zomba. Mbedza yotere imatuluka mosavuta m'kamwa mwa nsomba, ndiponso m'khutu la munthu.

Pa madzi oima kuwedza kwake nkosiyana ndi kwa mumtsinje. Palibe chimene chikuyendetsa fulayi, uyenera kuipatsa moyo wekha. Umaponya, nkuwerenga chamumtima kuti imire, kenako nkumakoka chingwe ndi dzanja lamanzere pang'onopang'ono, chikudutsa pansi pa chala cha dzanja logwira ndodo. Ukapanda kumva kanthu, ulendo wotsatira umawerenga motalikirapo kuti ifike pansi kwambiri.

Cha m'ma 4 koloko chingwe chinangoti gwa! Ndinakweza ndodo, ndipo inapindika mpaka pa chogwirira. Nsombayo inathamangira ku nthambi zija, ine nkupendeketsa ndodo kumbali kuti ndiibweze. Ndi ndodo yopepuka chonchi umamva kugwedeza kulikonse kwa mutu wa nsomba m'dzanja mwako, chinthu chimene sindinachimvepo ndi nsungwi za ku Kachulu. Inali yofanana ndi sungwa, yobiriwira, yotalika ngati kuchokera pa chala kufika pakati pa mkono. Mlonda anabwera akuthamanga, akuseka. Poti malamulo a pamalopo amalola, tinaiwotcha pa makala kuseri kwa kanyumba kake, nkudyera nsima imene anaphika yekha.

Amene ali ndi ndodo yotere m'tauni asadikire ulendo wa kuphiri. Madamu a m'maesiteti, madamu a ulimi wothirira, ngakhale m'mphepete mwa nyanja pamene mcheni umathamangitsa usipa, ponsepo fulayi imagwira ntchito, bola mwini madzi wavomera.

Lachinayi, Mzuzu mpaka Rumphi

Ku Mzuzu ndinamwa khofi, nkugula mpunga, sopo, shuga, mazira ndi machesi, chifukwa aliyense amene ndinamufunsa anati ku Nyika kulibe golosale. Ndinagulanso bulangete lina pa kaunjika. Minibasi ya ku Rumphi inadutsa Ekwendeni, nkukhota kusiya M1, nkuwoloka South Rukuru pa mpata wa Njakwa, pamene mtsinje wadzipanikiza pakati pa mapiri awiri.

Vuto la Nyika ndi mayendedwe. Kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri a msewu wa dothi, ndipo kulibe basi ya tsiku ndi tsiku. Kubwereka galimoto yamphamvu ndi ndalama zimene ndilibe. Ndinakhala pa khonde la sitolo ina masana onse ndikufunsa galimoto iliyonse yooneka ya kuphiri. Mwini sitolo, mayi wachikulire, anandipatsa mpando ndi madzi. Dzuwa litapendeka anati, "Adada, musadandaule, mawa kuli galimoto yokasiya katundu kumtunda." Anaimba foni yekha, nalankhula Chitumbuka chothamanga chimene ndinangotolapo mawu ochepa. Pomaliza anati ndikhale pamenepo 5 koloko m'mawa, ndithandizeko ya mafuta.

Sindikudziwa dzina lawo, ndipo iwo sanafunse langa. Ndinangoti yewo chomene, amama, mobwerezabwereza.

Lachisanu, Thazima mpaka Chelinda

Tinadutsa Bolero kukuyera. Ndinakhala kumbuyo kwa pikapu pakati pa matumba a ufa ndi zigubu, fumbi likulowa mpaka m'mano. Pa chipata cha Thazima ndinaonetsa chitupa cha unzika nkulipira mtengo wa Amalawi, umene ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo akunja. Izi anthu ambiri sazidziwa. Timaganiza kuti malo ngati awa ndi a azungu okha, pamene pakiyi, yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi ndipo inakhazikitsidwa mu 1965, ndi yathu.

Msewu unakwera m'nkhalango ya miombo, mwina nkumatsata malire a Zambia. Pa malo ena otsetsereka galimoto inaterereka pa timiyala, tayala lakumbuyo nkuyandikira m'mphepete. Ndinatseka maso nkupemphera. Kenako mitengo inatha mwadzidzidzi, ndipo kunali mapiri a udzu okhaokha, ogubuduzika mpaka kumene maso alekezera. Pamene moto unadutsa pamera msipu wobiriwira ndi maluwa. Mbidzi zinaima pamsewu osafuna kupatuka. Patali panali gulu la chilembwe.

Chelinda ili pamtunda wa mamita oposa 2,000, pafupi ndi nkhalango ya paini. Ndafika thupi lonse likuwawa. Ku ofesi ndalipira chilolezo chowedzera, ndipo andiuza momveka: fulayi yokha, nyongolotsi ayi, ukonde ayi. Andiuzanso madzi amene ali otsegula nyengo ino, poti miyezi yozizira trout imakhala ikuswana ndipo mitsinje imapumitsidwa. Usiku kukuzizira ngati Juni. Bulangete la ku Mzuzu landipulumutsa.

Loweruka, madamu a Chelinda

Pafupi ndi kampu pali madamu atatu, ndipo anthu amangowatchula ndi manambala. Ndinayamba ndi la pafupi, m'mawa kwambiri, chifunga chikadali pamadzi. Zala zinauma moti kumanga fulayi kunanditengera nthawi. Mphepo itadzuka, kuponya kunavuta. Ndinasamukira tsidya lina kuti izichokera kumanzere kwanga, chingwe chiziulukira kutali ndi mutu. M'mawa wonse kunali zii.

Masana ndinapita ndi msilikali wa paki ku damu lakutali, poti kuyenda wekha mtunda wautali sikololedwa: Nyika ili ndi akambuku. Ndi mnyamata wa ku Nthalire, wachete, mfuti ili paphewa. Iye sawedza, koma madziwa amawaona tsiku lililonse. Anandionetsa pamene mtsinje wa Chelinda umalowera m'damu, nati madzulo nsomba zimaonekera pamenepo. Anandionetsanso ndowe za katumbu pa mwala, zodzaza zikamba za nkhanu. Anati katumbu ndiye msodzi wamkulu wa kuno.

Ulendo wonsewu malo owedza sindinawapeze pa mapu kapena pa foni. Anandilozera ndi mwana wogulitsa zipatso, wotchetcha udzu, mlonda, mayi wa sitolo, tsopano msilikali. Anthu amene amakhala pafupi ndi madzi amadziwa kumene nsomba imadumpha ndi nthawi yake, ngakhale sanagwirepo ndodo ya fulayi. Chofunika ndi kupereka moni bwinobwino, kukhala pansi, ndi kusafulumira kufunsa.

Dzuwa litayamba kufiira mphepo inaleka. Tizilombo touluka tinayamba kutuluka m'madzi, anamzeze nkumatsika kudzatiwakha. Kenako pamadzi panaoneka kamphete, kakukula pang'onopang'ono. Kena patsogolo pake. Msilikali anandigwira phewa nkuloza osalankhula.

Ndinadula Woolly Bugger nkumanga Adams, kafulayi kotuwa koyandama, ka nambala 14. Manja ankanjenjemera. Ndinagwada kuseri kwa chitsamba cha udzu, nkutulutsa chingwe pang'onopang'ono, nkuponya osati pa kamphete penipeni koma patsogolo pake, kumene nsombayo inkalowera. Fulayi inatera mofatsa nkukhala pamwamba pa madzi, timapiko take tili chilili. Ndinaisiya osaigwedeza. Panapita kanthawi kamene kanaoneka katali. Mphuno yakuda inatuluka, kukamwa koyera nkutseguka, fulayi nkusowa.

Madala a ku Zomba anandichenjeza kuti pamenepa usatsomphole, dikira nsomba itembenuze mutu pansi, kenako kweza ndodo mofatsa. Ndinatero. Inadumpha m'mwamba thupi lonse, ikunyezimira, nkugwa, nkudumphanso. Kawilo kanalira. Ndi nayiloni yowonda chonchi sungakokane nayo, umailola ithamange, ikatopa nkubweza chingwe. Nditaifikitsa pa udzu wa m'mphepete ndinanyowetsa manja ndisanaigwire, chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera kumene kumateteza khungu lake ku matenda. Sinali yaikulu. Msana wobiriwira wa madontho akuda mpaka kumchira, mimba yoyera, ndi mzere wofiirira kuyambira patsaya mpaka kumbuyo. Inali yozizira kwambiri m'manja. Mbedza inatuluka ndi kukoka kumodzi. Ndinaigwira m'madzi mutu uli kumene madzi akuchokera mpaka inadzimenya yokha nkupita.

Kubweza nsomba m'madzi si chinthu chopepuka kwa munthu wa kwathu. Bambo anga akanaona akanafunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ndipo sindikanawatsutsa, chifukwa kwa iwo nsomba inali ndiwo ndi fizi yathu ya sukulu. Wowedza kuti adye sindingamuweruze. Koma m'madamu ang'onoang'ono ngati awa nsomba nzowerengeka, ndipo aliyense wofika akatenga zake, wobwera chaka chamawa adzapeza madzi okha. Ya ku Luwawa ndinadya ndi mtima woyera, iyi ndinabweza ndi mtima woyeranso.

Pali china chimene ndinakambirana ndi msilikali pobwerera. Trout ndi mlendo, ndipo ndi mlendo wadyera: imadya tizilombo, ana a achule ndi tinsomba ta m'mitsinje imene yalowamo. Pamene ilipo kale, ikhale, tiiwedze motsata malamulo. Koma munthu asaitenge kukaiika mu mtsinje wina wa kuphiri poganiza kuti akuchita chitukuko. Iye anavomera, nati ngakhale paini wa pa Chelinda akuvutitsa, mbewu zake zikumera zokha m'udzu kumene sanadzalidwe.

Tinafika pa kampu mdima utagwa, tochi ili m'manja, ine ndikuyenda pafupi kwambiri ndi mwini mfuti.

Lamulungu, mtsinje wa Chelinda

Lero ndayesa mumtsinje, kumunsi kwa damu. Ndi wopapatiza, malo ena ukhoza kuudumpha, ndipo udzu wa m'mbali umakola chingwe. Kuponya kogubuduza kuja ndi kumene kwagwira ntchito. Chovuta ndi chakuti madzi a pakati amathamanga kuposa a m'mbali, ndiye amakoka chingwe, fulayi nkuyamba kuyenda mosiyana ndi thovu loizungulira. Nsomba ikaona zimenezo imakana. Mankhwala ake ndi kukweza ndodo kuti chingwe chochepa chokha chikhudze madzi, kapena kuchitembenuzira kumtunda chikangotera. Ndinagwira kamodzi kakang'ono pa Pheasant Tail, kuseri kwa mwala, pamalo enieni amene madala akanaloza. Ina yokulirapo inandiona ndisanaione, nkuthawira pansi pa gombe.

Mafulayi atsala ochepa m'kabokosi, ena ali m'udzu wa Nyika. Wophika wa pa kampu wandiuza kuti ambiri amene azungu amabwera nawo amamangidwa ku Kenya ndi manja, ndipo nzoona, Kenya imatumiza mafulayi kumayiko ambiri. Nthenga za nkhanga ndi za tambala kwathu nzosasowa. Ndikafika ku Blantyre ndifuna timbedza ting'onoting'ono ndi ulusi ndiyese kumanga ndekha.

Lolemba, Rumphi

Pikapu ija inatsika m'mawa, ndipo anandisungira malo kutsogolo. Kutentha kunatilandira tisanafike pa Thazima. Pa Rumphi ndinapita kaye ku sitolo ija kukasiya shuga ndi mpunga zimene zinatsala, ndi kuwaonetsa amama chithunzi cha nsomba pa foni. Anafunsa kukoma kwake. Nditati ndinaibweza, anagwira pakamwa, kenako anaitana mnzawo wa sitolo yoyandikana kuti adzamve yekha.

Mu minibasi ya ku Mzuzu ndakhala ndi mphunzitsi wa ku Nkhotakota, ndipo paipi yayambitsanso nkhani. Iye akuti ndasiya nsomba yeniyeni: mpasa, imene imapezeka mu nyanja ya Malawi yokha ndipo imakwera mitsinje ngati Bua kukaswana. Gawo la Bua lili mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, choncho kumeneko nkofunika kufunsa kaye za chilolezo ndi nyengo yake. Wandichenjeza za ng'ona, kuti kumeneko sungalowe m'madzi ngati ku Nyika. Mpasa ndi yamphamvu kuposa trout imene ndagwira, ndiye ndifunika nayiloni yonenepapo ndi mafulayi oyera ofanana ndi usipa. Ndamulembera mlamu uthenga kuti akamabwera pa Khirisimasi andigulire zimenezo. Basi ya ku Blantyre inyamuka madzulo, ndipo tikiti sindinagule.